Womenya mpira wa kriketi woposa onse ndani? Mafunso ndi mayankho ochokera ku Chipata

Kuno ku Chipata okonda kriketi tilipo ochepa, koma mkangano wathu ndi waukulu kuposa chiwerengero chathu. Ena anaidziwira kusukulu, ena kwa anzawo a mabanja ochokera ku India amene ali ndi masitolo ku Down Shops, ena anangoipeza pa SuperSport tsiku lomwe kunalibe mpira wamiyendo, n'kukodwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera tikakhala pansi. Mayankho ndi anga, ndipo pena ndaikapo maganizo anga osabisa.

Tisazungulire: woyamba ndani?

Don Bradman wa ku Australia. Pa masewero a Test, aja amatenga masiku angapo, palibe wina amene anafika pafupi naye. Anasewera masewero 52 kuyambira 1928 mpaka 1948, anapeza marani (mapointi amene womenya amapeza) 6,996, ndipo avareji yake ndi 99.94. Akatswiri ena onse amene anasewera nthawi yaitali amathera cha m'ma 50, ochepa okha ndiwo anakhudza 60. Mu 2000, Wisden, buku lapachaka la kriketi, itapempha anthu 100 odziwa kriketi kuti asankhe osewera asanu a zaka za m'ma 1900, onse 100 anamulemba Bradman. Garfield Sobers anapeza mavoti 90, Jack Hobbs 30, Shane Warne 27, Viv Richards 25.

Mkangano weniweni umayambira pa nambala 2.

Avareji imeneyi imawerengedwa bwanji?

Mumatenga marani onse a munthu n'kugawa ndi maulendo amene anatulutsidwa. Ulendo umene wamenya mpaka mapeto osatulutsidwa, marani ake amawerengedwa koma sulowa m'nambala yogawira. Bradman analowa kukamenya maulendo 80, maulendo 10 sanatulutsidwe, ndiye 6,996 timagawa ndi 70.

Apa ndi pamene pali nkhani imene wokonda kriketi aliyense amaidziwa. Pa masewero ake omaliza, ku The Oval mumzinda wa London mu 1948, ankangofunika marani anayi okha kuti afike 7,000, avareji ikhale 100 ndendende. Eric Hollies, woponya mpira wopota, anamugwetsera wiketi, timitengo titatu timene womenya amateteza, pa mpira wachiwiri asanapeze ngakhale rani imodzi. Australia inapambana osafunikanso kumenya kachiwiri, mwayi wina sunabwere.

Koma Bradman ankangosewera ndi England. Kodi zimenezi sizikumuchotsera ulemu?

Funso ili limachokera kawirikawiri kwa okonda Sachin Tendulkar wa ku India, ndipo si lopanda pake. Masewero 37 mwa 52 anali olimbana ndi England, ndipo Test iliyonse anaisewerera ku Australia kapena ku England basi. Sanamenyepo pa mabwalo a ku India, kumene mpira umapota kuyambira tsiku loyamba, kapena ku Caribbean. Zimenezi ndi zoona.

Koma taonani mbali inayi. England ndiyo inali timu yolimba kwambiri imene akanakumana nayo nthawi imeneyo, ndipo pa iyo avareji yake ndi 89.78. Atakumana ndi matimu ofooka, manambala anachita kulusa: 201.50 pa South Africa mu 1931–32, ndi 178.75 pa India mu 1947–48. Ndiye akanasewera kwambiri ndi matimu enawo, avareji ikanakwera, osati kutsika.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse: munthu timamuyeza ndi anzake a nthawi yake, amene ankamenya pa mabwalo omwewo, mpira womwewo, oponya omwewo. Wally Hammond wa ku England, katswiri wosakayikitsa, anathera pa 58.45. Herbert Sutcliffe 60.73. Len Hutton 56.67. Ngati kumenya kunali kophweka m'zaka zimenezo, bwanji iwowa sanafike 80 kapena 90? Mpata wa marani pafupifupi 40 pakati pa woyamba ndi otsatira sunaonekenso m'mbadwo wina uliwonse.

Mu 1930, ali ndi zaka 21, anapeza marani 974 pa masewero asanu ku England, ndipo mpaka lero palibe amene anapitirira pamenepo pa mpikisano umodzi wa matimu awiri. Ku Headingley anamenya 334, ndipo 309 mwa amenewo anawapeza tsiku limodzi. Angerezi zinawapweteka moti mu 1932–33 kaputeni wawo Douglas Jardine anabwera ndi njira yotchedwa Bodyline: Harold Larwood ndi anzake aziponya mpira wothamanga molunjika thupi la womenya, ogwira mpira ataunjikana mbali ya kumiyendo. Chisoti kunalibe. Njirayo inagwira ntchito, England inapambana, avareji ya Bradman inatsikira pa 56.57. Ganizirani bwino pamenepa: nyengo imene anthu amati Bradman analephera, nambala yake inali yoposa avareji ya moyo wonse ya Tendulkar kapena Brian Lara wa West Indies. Pambuyo pake malamulo anasinthidwa kuti njira imeneyo isabwerenso.

Musaiwalenso kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamudyera zaka. Pakati pa 1938 ndi 1946 sanasewere Test ngakhale imodzi.

Nanga Tendulkar, amene ali ndi marani ambiri kuposa wina aliyense?

Sachin Tendulkar ali ndi marani 15,921 m'masewero a Test 200, ndi marani 18,426 m'masewero a tsiku limodzi (ODI) 463. Anafika pa marani 100 maulendo 51 mu Test ndi maulendo 49 mu ODI, zonse pamodzi 100. Avareji yake ya Test ndi 53.78.

Ukulu wake uli pa kutalika kwa ulendo. Anayamba mu 1989 ku Karachi ali ndi zaka 16, akukumana ndi Imran Khan, Wasim Akram, Waqar Younis ndi Abdul Qadir. Anasiya mu 2013 kwawo ku Mumbai. Pa zaka 24 zimenezo anakumana ndi Curtly Ambrose, Allan Donald, Glenn McGrath, Shane Warne, Muttiah Muralitharan, mpaka Dale Steyn ndi James Anderson. Anamenya bwino kulikonse: ku Perth, kumene mpira umadumpha kufika pachifuwa, anapeza 114 mu 1992 ali ndi zaka 18. Ndipo ankalowa m'bwalo atasenza chiyembekezo cha dziko la anthu oposa biliyoni, kumene akatuluka msanga anthu ankazimitsa TV.

Bradman mwiniwake, atakalamba, anamuonera pa TV n'kuitana mkazi wake kuti adzaone mnyamata amene kamenyedwe kake kankafanana ndi kake. Ine ndimamuika Tendulkar pa nambala 2. Koma kuchuluka kwa marani pakokha sikungamukweze pamwamba pa Bradman, chifukwa anasewera ma Test ochuluka pafupifupi kanayi.

Amalume anga amati Viv Richards ndiye mwamuna, ena onse ndi ana. Akunama?

Amalume anuwo musawatsutse pagulu, ali ndi mfundo. Manambala a Richards wa West Indies, marani 8,540 pa avareji ya 50.23 m'masewero 121, sakuoneka oopsa mukawaika pafupi ndi a anthu a masiku ano. Koma manambala sasonyeza mantha amene oponya mpira ankakhala nawo iye akamalowa m'bwalo, akuyenda mosafulumira, akutafuna chingamu, kumutu kuli kapu yansalu chabe. Zisoti zinayamba kuvalidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anzake ambiri anazilandira, iye anakana mpaka anapuma mu 1991. Dennis Lillee, Jeff Thomson, Imran Khan, Bob Willis, onsewa anawamenya mutu uli pamtunda.

Mu 1976 anapeza marani 1,710 a Test chaka chimodzi, mbiri imene inakhala zaka 30. Mu 1984 ku Old Trafford anamenya 189 osatuluka pa masewero a tsiku limodzi, anzake akugwa ngati masamba. Mu 1986 kwawo ku Antigua anafika 100 pa mipira 56 yokha. Kamenyedwe kamene achinyamata amakaona mu T20, masewero aafupi a maola ochepa, n'kumati n'katsopano, iye ankakachita mu Test ndi chomenyera chopyapyala.

Chomuchotsera chilipo chimodzi. Oponya oopsa kwambiri a nthawi yake, Andy Roberts, Michael Holding, Joel Garner ndi Malcolm Marshall, anali a timu yake. Mu Test sanakumane nawo. Amene anakumana ndi West Indies akutsegula kumenya ndi Sunil Gavaskar wa ku India, amene anafika 100 maulendo 13 pa timu imeneyo, ndipo mu 1987 anakhala munthu woyamba kupeza marani 10,000 a Test. Dzina lake limaiwalika msanga m'mikangano yathu.

Brian Lara ali ndi 400. Sizikutanthauza kuti ndiye wamkulu?

Zikutanthauza kuti tsiku lake likafika, palibe womuletsa. Mu Epulo 1994 anamenya 375 pa England ku Antigua, kuphwanya mbiri ya Sobers ya 365 imene inakhala kuyambira 1958. Patangopita milungu yochepa anamenya 501 osatuluka akusewerera Warwickshire polimbana ndi Durham, matimu a m'zigawo za ku England. Matthew Hayden atamulanda mbiri ya Test ndi 380 pa Zimbabwe mu 2003, Lara anadikira miyezi isanu ndi umodzi yokha n'kuitenganso: 400 osatuluka, pa England yomweyo, ku Antigua komweko, mu 2004.

Komabe 400 ija si imene ndimamukumbukira nayo. Bwalo linali lofewa kwa omenya ndipo masewero anathera osapambana aliyense. Funsani za 153 osatuluka ku Bridgetown mu 1999, pamene West Indies inkathamangitsa marani oposa 300 pa Australia ya McGrath ndi Warne, n'kupambana itangotsala kutulutsidwa womenya mmodzi kuti igonje. Kapena ku Sri Lanka mu 2001, kumene anapeza marani 688 pa masewero atatu akulimbana ndi Muralitharan, timu yake n'kugonja onse atatu. Lara anafika pamene West Indies inayamba kutsika, ndipo zaka zambiri ankamenya podziwa kuti iye akatuluka, nkhani yatha.

Sobers ndi Kallis timawaika pati, poti ankaponyanso mpira?

Ngati funso ndi la kumenya kokha, mawiketi awo tiwaike pambali. Akatero amaimabe okha: Sobers ali ndi marani 8,032 pa 57.78, Jacques Kallis wa ku South Africa ali ndi 13,289 pa 55.37. Chodabwitsa n'chakuti manambalawa anawapeza ali otopa ndi kuponya, Sobers mawiketi 235, Kallis 292. Sobers ndiyenso anali woyamba kumenya masikisi (kuulutsa mpira kunja kwa malire a bwalo) asanu ndi limodzi mu ova imodzi ya mipira isanu ndi umodzi, ku Swansea mu 1968. Kallis anthu samutchula msanga chifukwa kamenyedwe kake kanali kodekha, kosadzutsa munthu pampando.

Kodi n'chilungamo kuyerekeza anthu a mibadwo yosiyana?

Mkangano uwu tinauzolowera ku mpira wamiyendo. Akuluakulu amati Godfrey Chitalu ndi zigoli zake 107 za mu 1972, apakati amati Kalusha Bwalya ndi zigoli zitatu zimene anamwetsa Italy ku Gwangju pa Olimpiki ya 1988, ndipo aliyense amateteza amene anamuona ali mnyamata. Ku kriketi n'chimodzimodzi, kungoti zosintha n'zambiri.

Akale ankamenya pa mabwalo osaphimbidwa. Mvula ikagwa usiku, dzuwa n'kuwomba m'mawa, dothi linkamata ndipo mpira unkachita zosadziwika. Analibe chisoti, zomenyera zawo zinali zopyapyala, ulendo wochoka ku Australia kupita ku England unali wa milungu ingapo pa sitima ya pamadzi. Amakono ali ndi zodzitetezera, zomenyera zonenepa, ndipo malire a bwalo nthawi zambiri amakokedwera mkati. Koma nawonso ali ndi zawo. Wotsutsana naye aliyense ali ndi mavidiyo a kamenyedwe kako, amadziwa pamene umafooka usanatsike ndege. Ogwira mpira a lero amathamanga ndi kudziponya pansi mosiyana ndi akale. Kuyambira pamene makina oonanso chigamulo cha woweruza anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 2009, kutchinga mpira wopota ndi mwendo kunasiya kukhala pothawira. Ndipo amasewera mitundu itatu ya kriketi chaka chonse osapuma.

N'chifukwa chake kufunsa kuti Bradman akanatani pamaso pa Jasprit Bumrah, woponya wamakono wa ku India, n'kutaya nthawi. Funso loyankhika ndi lakuti munthu anawasiya patali bwanji anzake amene ankasewera nawo.

Alipo amene mbiri inawachitira nkhanza?

Alipo, ndipo pano ndichedwapo pang'ono. George Headley, wobadwira ku Panama n'kukulira ku Jamaica, anasewera ma Test 22 okha, ambiri nkhondo isanayambe, n'kupeza avareji ya 60.83 ndi mazana 10 (kufika pa marani 100 maulendo 10). West Indies ya nthawiyo inali yongoyamba kumene, ndipo kumenya konse kunkadalira iye. Ku Lord's mu 1939 anapeza 106 ndi 107 pa masewero amodzi. Atolankhani ankamutcha Bradman wakuda, koma kwawo anthu ankatembenuza n'kumati Bradman ndiye Headley woyera.

Graeme Pollock ndi Barry Richards a ku South Africa nkhani yawo ndi ina. Dziko lawo linachotsedwa pa kriketi ya mayiko mu 1970 chifukwa cha tsankho la apartheid. Pollock anatsala ndi ma Test 23 pa 60.97, Barry Richards anayi okha pa 72.57. Anthu amawamvera chisoni, ndipo luso lawo linalidi lalikulu. Koma ife a m'chigawo chino cha Africa tikumbukirenso kuti ulamuliro womwewo unatsekereza osewera akuda, amwenye ndi makaladi amene sanapatsidwe ngakhale Test imodzi m'dziko lawo. Basil D'Oliveira anachita kusamukira ku England kuti asewere, ali kale ndi zaka zambiri. Masewero anayi sangamuike munthu pa mndandanda wa oposa onse, kaya akhale waluso chotani.

Nanga kuno kwathu, tili ndi wathu?

Zambia sinasewerepo Test, koma dzina lathu lili m'mbiri. Pa World Cup yoyamba mu 1975 kunali timu ya East Africa, yophatikiza Kenya, Uganda, Tanzania ndi Zambia. Inagonja masewero onse atatu, ndipo Glenn Turner wa ku New Zealand anaimenya 171 osatuluka. Henry Olonga wa Zimbabwe ndi Phil Edmonds wa England onse anabadwira ku Lusaka, kungoti awiriwa anali oponya.

Womenya wapafupi nafe amene ndingamuike patebulo la akuluakulu ndi Andy Flower wa ku Zimbabwe: ma Test 63, marani 4,794, avareji 51.54, uku akugwiranso ntchito yogwira mpira kuseri kwa wiketi, yomwe imathyola msana ndi mawondo. Mu 2000 ku Nagpur anamenya 232 osatuluka pa India. Mu 2001 ku Harare anapeza 142 ndi 199 osatuluka pa South Africa, marani 341 munthu mmodzi, Zimbabwe n'kugonjabe. Ulendo wake ndi timu ya dziko unatha mu 2003, chaka chimene iye ndi Olonga anavala nsalu zakuda pamkono pa World Cup podandaula za ulamuliro wa m'dziko lawo. Akanakhala wa ku England kapena Australia, bwenzi dzina lake likutchulidwa kawirikawiri.

Za ODI ndi T20 siziwerengedwa?

Zimawerengedwa, koma pa mndandanda wakewake. Mu ODI mkangano uli pakati pa Richards, Tendulkar ndi Virat Kohli wa ku India, amene mu 2023 anafika zana lake la 50 pa semifainolo ya World Cup ku Mumbai, Tendulkar ali m'bwalo momwemo akuonerera. Pothamangitsa marani, Kohli ndiye ndingamutume. Mu Test anathera pa 46.85, ndiye kumeneko salowa m'gulu la pamwamba. AB de Villiers wa ku South Africa anafika 100 pa mipira 31 ku Johannesburg mu 2015.

Tikamati Tendulkar anali woyamba kumenya 200 mu ODI, mu 2010 ku Gwalior, tizinena kuti mwa amuna. Belinda Clark wa ku Australia anamenya 229 osatuluka pa Denmark mu 1997.

Ndiye mndandanda wanu ndi wotani?

Wa Test: Bradman, Tendulkar, Sobers, Viv Richards, Lara. Pa nambala 6 ndimaikapo Headley, ndipo apa ndi pamene anzanga amayamba kukweza mawu, ena akufuna Hobbs, amene anapeza marani oposa 61,000 pa kriketi ya first-class (masewero a masiku angapo a matimu akuluakulu), ena Kumar Sangakkara wa ku Sri Lanka ndi avareji yake ya 57.40. Kusinthanitsa nambala 2 mpaka 5 sindikangana nanu kwambiri. Kumuchotsa Bradman pamwamba ndiye mubwere ndi umboni.

Mwa amene akusewera lero, alipo angalowe pamenepo?

Awiri. Steve Smith wa ku Australia, wa kaimidwe kachilendo kamene mphunzitsi aliyense angamuletse mwana, anapeza marani 774 pa Ashes ya 2019, mpikisano wa England ndi Australia, atangobwera kuchokera ku chilango cha chaka chimodzi, ndipo kwa zaka zingapo avareji yake inali pamwamba pa 60. Joe Root wa ku England anapitirira marani 13,378 a Ricky Ponting mu Julaye 2025 ku Old Trafford, n'kukhala wachiwiri kwa Tendulkar pa marani a Test. Pa tsikulo ankatsala ndi marani pafupifupi 2,500 kuti amupeze. Root anabadwa mu Disembala 1990, ndipo England imasewera ma Test ambiri pachaka kuposa matimu ena ambiri, ndiye thupi likamulola kusewera zaka zina zitatu, mbiri ya 15,921 ikhoza kugwa.